Kamlambe Kamene Ba Chanda Anadula

Munthu amene anandilakwira pa ntchito ndi mmodzi, ndipo ndimutchuliretu kuti musavutike kufunsa: ndi Ba Chanda, kapitawo wanga woyamba. Anatenga chikwanje n'kuduladula chitsamba chimene amayi anga anandisiyira, dothi la pamanda awo lisanaume n'komwe, zidutswa n'kutaya padzala. Atatero anaseka, nati ndi chimbuya. Zina zonse zimene ndilembe pano, ana anga, ntchito yanga, nyumba ya ku Chililalila imene munakuliramo, ngakhale dzina limene anthu amandiitana nalo mu Kabwe muno, zinamera padzala limenelo.

1983

Sukulu ndinaisiya ndili Fomu Wanu. Mphunzitsi anandiwomba mbama pa mlandu wa mwana wina, ine ndinamubwezera, nkhani ya maphunziro inathera pomwepo. Agogo anu aamuna, amene ankagwira ntchito ku njanji, sanandikalipire nthawi yaitali. Anandiyang'ana manja, nati, "Manja akowa amafika mutu usanafike. Tiwapezere khasu, mwina adzatopa." Anandiperekeza ku kampani ina imene inkasamalira minda ya maluwa ku nyumba za mabwana a mugodi, ku kalabu ndi ku maofesi. Kumeneko anandilemba ntchito yothirira ku nazale, kumene tinkafesa ndi kulera mbande.

Ntchito ya ku nazale inali madzi basi. M'mawa madzi, madzulo madzi. Marozi, kapinga, ndi timaluwa tina tochokera kunja tomwe tinkakomoka dzuwa likangotiyang'ana. Tinkakoka paipi yaitali yomangamanga ndi malegeni, poti yatsopano sinkapezeka, monga momwe sopo ndi ufa zinkasowera m'masitolo zaka zimenezo. Feteleza akasowa tinkaviika zitosi za nkhuku mumgolo waukulu kuseri kwa shedi, madzi ake n'kumathira m'mabedi. Fungo la mgolowo linkakulonjera uli pageti. Muukumbukire mgolo umenewu.

Wotiyang'anira anali Ba Chanda, Mubemba wamtali wa mawu ngati belu la tchalitchi. Marozi ankawadziwa, pamenepo sindingamunamizire. Tsiku loyamba atamva kuti kwathu ndi ku Petauke anawomba m'manja. "Lesa wanga, anitumila wina wodya mbewa! Iwe mwaiche, kamwana iwe, mbewa za mu nazale muno ni za kampani, osazigwila." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, n'kumuyankha kuti ndamva anyani anatha kwawo, n'chifukwa chake Abemba anathamangira kuno kudzafuna ndiwo. Ndicho chimbuya. Inu a masiku ano mumachidziwa mwapatalipatali. Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana, timalandana zipewa, pamaliro timapakana ufa kumaso, ndipo lamulo lake ndi limodzi: mbuya sakwiyirwa. Ine waukali uja chimbuya ndinkachikonda, chifukwa ndi pokhapo pamene pakamwa panga pankaloledwa kuthamanga popanda wondigwira.

1985

Pakhomo pathu ku Chowa, m'chidebe chakale chobooka pansi, munali chitsamba chimene amayi anabwera nacho pokwatiwa kuchokera kwawo kuchigwa, kumene dziko la Petauke limatsetserekera ku Luangwa. Tsinde lake linali lonenepa, lotuwa, losalala ngati khungu la munthu, nthambi zake zazifupi zonga zala. Amayi ankachitcha kamlambe, poti kankaoneka ngati mlambe umene unakana kukula. Dzina la m'mabuku ndinadzalimva pambuyo pake, koma ine langa ndi la amayi lomwelo. Khalidwe lake ndi lotembenuka. Mvula ikamagwa, zomera zonse zikudzionetsa, iko kamangovala masamba n'kukhala chete. Mvula ikatha kamavula masamba onse, kukhala ngati chitsa chakufa. Ndiye mu Juni ndi Julayi, udzu utauma, fumbi la kumugodi likulowa mpaka m'mano, nthambi zamaliseche zija zimaphulika maluwa onga nyenyezi, oyera pakati, ofiira m'mphepete ngati wina wawalemba ndi chala. M'chilimwe amayi sankakathirira ngakhale dontho. "Aka ukakakonda kwambiri kafa," ankatero. "Kali monga iwe, Fide, sikafuna kunyengelela." Ankatiletsa kukhudza utomoni wake, ati kwawo akale ankaupaka kumivi. Azimayi a mumpingo akapempha nthambi, amayi ankawadulira, iwo n'kukabzala tsiku lomwelo ndi kuthirira bwinobwino, koma zonse zinkaola. Tinkangoti kamlambe kamakana eni ena.

Amayi anamwalira mvula itangotha chaka chimenecho. Pamaliro Ba Chanda anabwera ndi Abemba anzake, ndipo chimbuya anachichita mokwanira. Iwo ndiwo anakumba manda. Anandipeza ndakhala pakhomo pafupi ndi chidebe chija, maso atatupa, nandipaka ufa kumaso konse, nati, "Ulila chani? Amai ako apita kumene mbewa zimagwa monga mvula." Ndinaseka misozi ikutsika. Anafunsa za chitsa chili m'chidebecho, ndinamuuza chimene chinali ndi mwini wake. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe kuti munthuyu chimbuya chenicheni ankachidziwa, ndipo kamlambe ankadziwa kuti nka yani.

Maliro atatha atate anapuma pa ntchito n'kubwerera ku Petauke. Ine ndinapeza kachipinda pamalo pamene panali tiana tambiri tokwawa, ndipo poopa utomoni uja ndinanyamula chidebe pawilibala kukachiika kuseri kwa shedi ku nazale. Masamba anali atagwa kale. Tsiku lina tikumwa tiyi wa m'mawa, Ba Chanda anatulukira atazula chitsambacho, wachinyamula m'mwamba ngati wagwira nkhuku. Sabata imeneyo bwana wina anali atamukalipira chifukwa cha marozi odwala, ndipo ukali wake unkafuna pogwera.

"Onani a kum'mawa!" anakuwa. "Anzawo abyala marozi, uyu abyala chinangwa cha mfiti mu nazale ya kampani."

"Ba Chanda, ni ka amai anga. Bwezani mu chidebe."

"Amai ako anapita, na ichi chinafa kale. Ufuna tichite maliro yawili?"

Anachigoneka pachitsa chodulirapo nkhuni. Chikwanje chinatsika, chinatsikanso, chinatsikanso. Utomoni unadontha pansi. Anawola zidutswa n'kuziponya padzala, kenako anatembenuka, mano onse panja. "Chimbuya, mwaiche! Uzakwiyila mbuya wako?" Palibe anaseka. Anthu amanama kuti ndinamumenya. Sindinamumenye. Ndinamugwira lamba ndi kolala, ndinamunyamula, ndinamulowetsa chamutu mumgolo wa zitosi uja mpaka nsapato zokha n'zimene zinkalankhula. Anzanga ndiwo anamukoka miyendo.

Ku ofesi kunali Bwana Mbewe, wa kum'mawa mnzanga, munthu wofatsa wa tayi. Ndinkayesa andimvetsa. Iye anagwira mutu. "Fidelisi, wachititsa manyazi a kum'mawa tonse. Unamva kuti munthu waponya mbuya wake mu manyowa? Ukagwade pamaso pa anchito onse, upepese, nkhani ithe." Ndinamuuza kuti Ba Chanda akanena pamaso pa anthu omwewo kuti chija sichinali chimbuya, ine ndigwada mpaka mawondo atupe. Bwana Mbewe anandiimitsa ntchito masiku angapo, kenako anandipatsa chilango chimene aliyense ankachiopa: kukasamalira bwalo la nyumba ya alendo ya kampani panjira ya ku Mpima, kumene paipi sinafike ndipo chitsime chinkauma Ogasiti asanathe. Anzanga ankakutcha kuchipululu. Wotumizidwa kumeneko ankasiya ntchito yekha.

Tsiku lonyamuka ndinadzera padzala. Zidutswa zinali pomwepo, padzuwa, palibe anazikhudza. Mabala ake anali atauma, atachita nkhanambo. Ndinazitolera m'thumba, pamodzi ndi tsinde lalikulu lija, osati kuti ndinali ndi nzeru ina iliyonse, koma kuti sindikanatha kusiya chinthu cha amayi pakati pa zinyalala. Nditafika kuchipululu ndinaunda mtumbira wa mchenga pafupi ndi geti, ndinazizika zonse monga munthu akuika maliro. Sindinathirire, poti madzi anali ochepa ngakhale akumwa. Kutentha kwa Okutobala kutafika, m'mawa wina ndikusesa ndinaona timaso tobiriwira pansonga. Kachidutswa aka, kenako ako, kenako tsinde lenilenilo. Ndinakhala pansi tsache lili m'manja. Chimene chinkaoletsa nthambi za azimayi aja ndinachizindikira pomwepo: bala laliwisi likakumana ndi dothi lonyowa, limaola. Kamlambe kamafuna ukadule, ukataye, ukaiwale. Amayi anali ndi kamodzi. Chikwanje cha Ba Chanda chinandipatsa mzere wathunthu.

1988

Kuchipululu ndinakhala ngati mfumu yopanda anthu. Alendo ankabwera mwa apo ndi apo, mabwana sankafika. Mbuzi za m'midzi yoyandikana zinkadya chilichonse chimene ndabzala, koma kamlambe zinkanunkhiza n'kutembenuka. Ndinaphunzira kuti mvula ya Kabwe ndi yochuluka kuposa ya kwawo kwa amayi, choncho ndinkakweza mitumbira ndi kusakaniza dothi ndi mchenga wa kumtsinje ndi timiyala, kuti madzi asagone pamizu. Ndinaphunzira kudikira nyemba zake, zimene zimabala ziwiriziwiri ngati nyanga, n'kuzimanga ndi ulusi zisanaphulike, chifukwa njere zake zili ndi ubweya ndipo mphepo imazitenga. Za njere ndizo zimachita mimba yaikulu ija. Zodula zimayamba zowonda. Chaka chilichonse kukazizira ndinkadula, kuyanika pamthunzi, kubzala. Mzere unakhala mizere.

M'zaka zimenezi ndinakwatira amayi anu, Agnesi, amene ndinawapeza ku kwaya ya tchalitchi. Tinkakhala m'kanyumba ka mlonda kuseri kwa nyumba ya alendo. Chitsime chikauma, iwo ankasenza ndowa kuchokera kudambo, mtunda woti mwamuna amafika atatopa wopanda katundu. Ali ndi pakati pa iwe Misozi, Bwana Mbewe anafika pagalimoto. Anati ku nazale kukufunika wachiwiri kwa kapitawo, ndipo udindowo uli ndi nyumba ya kampani ya mpopi ndi magetsi. Anati akudziwa kuti manja anga ndi abwino. Koma Ba Chanda anali kapitawobe, ndipo mawu anali omwe aja: ndikagwade.

"Nanga iwo anena chani za chija?" ndinafunsa.

Bwana Mbewe anayang'ana nsapato zake. "Ati mbewa ikafuna kutuluka ku una, itulukile chogwada."

Galimoto itapita amayi anu anatula ndowa pakati pa bwalo. Sanakuwe, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. "A Tembo," anandiitana ndi mfunda, monga amachitira nkhani ikakula, "pepani ni liu limodzi chabe. Simuzafa nalo. Onani miyendo yanga mmene yatupila. Mwana uyu azabadwila mu fumbi chifukwa cha chitsa?"

"Si chitsa."

"Nidziwa ni ka amai. Koma amai anagona, ine nili moyo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chikwanje. Ndinayenda mpaka kudambo ndi kubwerako ndikulimbana nawo. Ndikagwada, madzi alowa m'nyumba. Koma ndikagwada, ndiye kuti ndavomera pamaso pa anthu kuti munthu akhoza kukuchita nkhanza iliyonse bola aseke pomaliza, ndipo chimbuya chimene chinandiseketsa pamaliro a amayi chikhala chofanana ndi chija cha padzala. Ndinabwerera n'kuwauza amayi anu kuti sindigwada, koma ndowa sadzaisenzanso. Ndinamanga zigubu panjinga ya kampani, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi ndinkatunga ndine, azimayi a kudambo akundiseka kuti mwamuna wadya mankhwala. Amayi anu anakhala sabata osandiyankha koma ndi mutu. Mpaka lero nkhaniyi ikatuluka amati ndinasankha chitsa, ine ndimati ndinasankha dzina, ndipo tinagwirizana kuti tidzakamalizira kumwamba.

1992

Chaka chimenecho mvula inathawa dziko lonse. Chimanga chinapsa chili chiimire, anthu anadya nshima yachikasu ya chimanga cha thandizo. M'tauni mipopi inkangotulutsa mphepo, ndipo kuthirira maluwa kunakhala chinthu chochititsa manyazi pamene azimayi akugona pamzere wa madzi. Kapinga wa ku kalabu anasanduka bwalo la fumbi. Marozi a Ba Chanda anafa bedi ndi bedi. Bwana Mbewe anali atapuma, m'malo mwake munalowa Mayi Hamoonga, mayi wachitonga wamfupi woyenda mofulumira, amene sankadziwa za mgolo kapena za ine. Mu Julayi ankayembekeza alendo akuluakulu, ndipo anabwera kudzaona ngati nyumba ya alendo ili yogonamo. Galimoto inaima pageti, koma iwo sanalowe. Anatsika, anavula magalasi, anaima. Kuyambira pageti mpaka pakhonde, mbali zonse ziwiri, kunali koyera ndi kofiira, pamene kuseri kwa mpanda tchire lonse linali lotuwa ngati phulusa.

"Imwe, madzi muyapeza kuti?" anandifunsa mwaukali, akuganiza kuti ndikuba.

"Madamu, aka sikamwa. Kanamwa mu Febuluwale."

Anagwada, anakanda dothi ndi chala, louma gwa. Anaseka mokweza. "Nanga munthu wa so achita chani kuno ku thengo?" Ndinawauza kuti akafunse mgolo wa ku nazale. Mawa lake kunabwera lole, tinakumba mitengo ina kukabzala kutsogolo kwa maofesi. Ine ndinatsala. Patangopita masabata ochepa Mayi Hamoonga anabweranso nkhope itagwa: mitengo ija yafewa pansi ngati mbatata yowola. Nditapita kukaona ndinapeza dothi lonyowa. Anyamata a ku nazale, mwa lamulo la Ba Chanda, ankatunga madzi ndi zigubu kutali, m'chaka cha chilala, kudzathirira m'mawa uliwonse. Sindinena kuti anachita dala. Dzanja la munthu woleredwa pa marozi limayabwa likaona dothi louma. Chifundo chawo ndicho chinapha.

Mayi Hamoonga sanachedwe. Anaitana antchito onse pansi pa mtengo wa mango ku nazale, nanena kuti kuyambira tsiku limenelo minda yonse ya kampani ili m'manja mwanga, Ba Chanda atsale ndi marozi amene apulumuka. Za kugwada sanazitchule, ndipo wina atawanong'oneza, anayankha kuti iwo ndi Mtonga, za mbewa ndi anyani sizikuwakhudza. Ndinalowa pageti lomwe ndinatulukira ndi thumba paphewa, mawondo anga opanda fumbi. Chinthu choyamba ndinakulunga paipi ija n'kuipachika pamsomali. Nyumba ya mpopi tinailowa mwezi womwewo, ndipo amayi anu anatsegula mpopi, mphepo yokha n'kutuluka, anaseka mpaka anakhala pansi. Ba Chanda ndi ine tinagwira ntchito pamalo amodzi osalonjerana. Akandiona ankakhotera ku marozi. Ndinkadikira mawu aja, sanabwere.

1994

Mugodi utatsekedwa kampani yathu inafa nawo, poti nyumba za mabwana zinalibenso mabwana. Tinabalalika. Anzanga ena anapita kukafukula miyala m'milu ya kumugodi, ena anabwerera kumidzi. Ba Chanda ndinamva kuti akulima ndiwo zamasamba kwinakwake kumbali ya mtsinje. Ine ndinapeza malo ku Chililalila, ndinasamutsa tsinde la amayi n'kulibzala pakhomo, ndinayamba nazale yangayanga ya m'zitini ndi m'matayala akale. Poyamba anthu ankadutsa n'kumaseka kuti mdala uyu agulitsa zitsa. Juni akafika ankabwerera okha. Ndinabzala ku masukulu, ku matchalitchi, m'mayadi a anthu amene anatopa ndi kugula madzi, ndipo koposa monse kumanda, chifukwa kumanda kulibe wothirira. Aliyense ndinkamuuza zinthu zomwezo: mtumbira wautali, mchenga wa kumtsinje osati wakuda wa kumugodi, ana asakhudze utomoni, ndipo dzanja likayabwa kuthirira ulilowetse m'thumba. Dzina langa la ubatizo linatayika, tauni yonse ndine Ba Kamlambe. Ndi zitsa zimenezo nonse munaphunzira kupitirira pamene ine ndinalekezera. Msana utayamba kukana ndinapereka nazale kwa iwe Misozi, ine n'kutsala wokhala pampando ndi kulongolola.

2024

Chilala chinabweranso, magetsi akuzima tsiku lonse, mipopi ili chete. Mu Julayi masana ena ndinali pakhonde, tsinde la amayi, limene tsopano munthu sangalikumbatire ndi dzanja limodzi, litayera ndi maluwa mpaka nthambi osaoneka. Pageti panaima nkhalamba yaitali yopindika, ndodo m'manja, jekete likulendewera. Sindinaizindikire mpaka inatsegula pakamwa. Belu lija linali litasweka, koma linali lomwelo.

"Odi! Pali mbewa pano?"

Manja anayamba kutentha monga kale. Ndinawakhazika pamawondo. "Zilipo. Nanga anyani atsika liti mu mitengo? Lowani, Ba Chanda, mupando uwu."

Anakhala. Amayi anu anatuluka, anamuyang'ana, anandiyang'ana, anabwerera m'nyumba kukateleka tiyi, ndipo ndinamva akusuntha mgolo wathu wa madzi kuuchotsa pakhonde la kuseri. Ba Chanda anakamba za miyendo, za chilala, za anzathu amene anagona. Kenako anafika pa chimene anadzera. Mkazi wake, Bana Mulenga, anamwalira chaka chathachi. Pamanda ake anabzala marozi, ankakwera minibasi ndi chigubu kukathirira, koma tsopano mphamvu zatha, madzi kulibe, marozi auma. Manda oyandikana nawo ali mbee ndi maluwa. Atafunsa eni ake, anamuuza kuti apite ku Chililalila kwa Ba Kamlambe.

"Nifunako kamodzi chabe," anatero, maso ali pansi. "Bana Mulenga anali kukonda maluwa."

Pabwalo panali zitini zambiri zoti ndikanangotola chimodzi. Sindinatole. Ndinalowa m'shedi, ndinatuluka ndi chikwanje, ndinachiika pamiyendo pake. Ndinaloza tsinde la pakhomo.

"Mukadziwa aka?"

Anayang'ana nthawi yaitali. Cha m'munsi mwa tsinde zipsera zikuonekabe, mizere yotupa pamene chikwanje chinadutsa. Anazitsata ndi maso.

"Ba Chanda," ndinatero, ndipo mawu anatuluka bwinobwino, osathamanga, "chimbuya ni chija munachita pa maliro ya amai. Munakumba manda, munanipaka ufa, munanisekesa. Chija nikali kuyamika. Koma cha ku nazale chinali chani?"

Mphepo inagwetsa duwa limodzi pakati pathu. Nkhalamba inavula chipewa, inachiika pabondo.

"Sichinali chimbuya, mwaiche," anatero. "Bwana ananitukwana, ine n'nafuna wotukwana. N'nabisala mu chimbuya."

Mawu amenewo ndinawadikira kuyambira ndili mnyamata wa ndevu zitatu mpaka mutu wayera. Ndinali nditalonjeza kwa Bwana Mbewe kuti akadzanenedwa ndidzagwada, ndipo ine sindinabwezepo lonjezo. Ndinatenga chikwanje pamiyendo pake, ndinagwira khoma, ndinatsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse awiri anafika pansi patsogolo pake, pafupi ndi tsinde la amayi. Ndinasankha nthambi yonenepa ya m'munsi, ndinaidula kamodzi, ndinaikulunga m'pepala kuti utomoni usamukhudze, n'kuiika m'manja mwake. Amayi anu anali ataima pakhomo ndi makapu, pakamwa pali yasa.

"Onani, Ba Chanda, nagwada," ndinamuuza. "Iyi ni ya Bana Mulenga. Mukaitaye pa dzala sabata yonse monga munachitila, ndimwe munaniphunzitsa. Ikauma bala mukabyale pa mchenga, ndipo chigubu chanu musiye ku nyumba. Koma za mgolo uja musayembekeze pepani. Imwe a kolwe, anyani a mu mitengo, munali kununkha kale, ine n'nangokusambikani."